Tsamba Lowawa ndi Mwendo Wotsala

Inu amene mwalephera kawiri n'kuyamba kudziuza kuti mutu wanu ndi wouma, dikirani kaye mumve za Nereida Xocua wa kwathu kuno mumzinda wa Orizaba.

Tsiku limene anawadula mwendo bambo ake, Nereida anali atakhala m'khonde la chipatala, dzuwa lili paliwombo. Namwino anatuluka n'kumupatsa jumbo. M'jumbomo munali buluku la bambo ake ndi nsapato zawo zoyera, zija ankavinira gule wa danzón kupaki Lamlungu lililonse. Zinali ziwiri. Anaziyang'ana, n'kuzindikira kuti yakumanzereyo yatha ntchito. Apa m'pamene analira.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mayi ake anali atamwalira kalekale. Mayeso olowera kuyunivesite analemba kawiri, n'kulephera kawiri konse. Chimene ankadziwa ndi kumanga timitolo ta masamba ouma mumsika pabenchi la bambo ake, a Eleuterio, pamene iwo anakalambira akugulitsa mankhwala azitsamba.

Dokotala Ibarra, mayi amene ankawaona a Eleuterio mwezi ndi mwezi chifukwa cha matenda awo a shuga, anabwera n'kukhala pambali pake.

"Achemwali, pali chimene sindikumvetsa," anatero dokotalayo. "Bambo anu akabwera kudzayezetsa, shuga wawo ankakhala wokwera inde, koma osati wowoletsa mwendo. Kunyumba kunkachitika chiyani?"

Nereida anaweramitsa mutu. Yankho ankalidziwa, chifukwa ankaliwiritsa yekha mumphika.

Kwathu kuno tili ndi kachizolowezi kamene timakayesa nzeru. Munthu wa shuga amadya buledi wotsekemera m'mawa, n'kutsitsira chakumwa cha m'botolo masana, mwezi wonse. Tsiku lopita kuchipatala likayandikira, amasanduka woyera mtima. Buledi amamusiya, botolo amalisiya, mapiritsi aja anaiwalika pawindo amayamba kuwamwa mwa ndondomeko. M'mawa ndi madzulo amagugudiza kapu ya tronadora, tsamba lowawa la kamtengo ka maluwa achikasu. Timamutcha tiyi wa kwa dokotala. Akakamubaya chala, nambala imatuluka yaulemu. Dokotala sakalipa, ndipo chachikulu n'chakuti satchula za jakisoni wa insulini.

Paja ife insulini timamuopa kuposa matenda amene. Aliyense ali ndi azakhali ake kapena mnansi amene anayamba kubaya, chaka chisanathe n'kuchita khungu. Palibe amaima n'kufunsa ngati khungulo linabwera ndi jakisoni kapena ndi zaka zonse zija zokana jakisoniyo. Ndikaganiza za chizolowezi chimenechi ndimapsa mtima, chifukwa chatithera anthu, ndipo timachichita tikuseka.

Nereida anaulula zonse. Dokotala Ibarra sanakweze mawu.

"Ine simunandilakwire," anatero. "Ine ndinkaweruka n'kupita kwathu ndi miyendo yanga iwiri. Tsopano mvetserani. Phazi lakumanja layamba kale kuchita dzanzi. Akapanda kuyamba insulini, mudzakhalanso pompano, ndipo namwino adzakupatsaninso jumbo."

A Eleuterio atatuluka m'chipatala, nkhani ya jakisoni sanafune n'kuimva komwe. Ankangokhala pampando pakhomo, ndodo zawo zitatsamira khoma.

"Mwendo atenga, tsopano akufuna maso?" anatero. "Adikire ndife kaye, adzatenge zonse pamodzi."

"Ababa, tiyi uja ndi amene watifikitsa pano."

"Tsamba usalinamizire iwe. Tsamba limagwira ntchito, ndalimwa ine ndaona. Dokotala wakoyo analionapo? Akudziwa n'komwe ngati limamera chagada kapena chafufumimba? Iye amadziwa singano, ine ndimadziwa tsamba. Adzandiuze munthu wodziwa zonse ziwiri, ameneyo ndidzamumvera."

"Nanga munthuyo atakhala ine?"

A Eleuterio anaseka koyamba chiwadulireni mwendo.

"Iwe? Wolephera kawiri iwe?"

"Ndilembanso. Ndikaphunzira za mankhwala ochokera ku zomera, ndipo tsamba lanulo ndikaliyeza bwinobwino. Ndikadzapeza kuti palokha limakwanira, majakisoni ndidzakataya ndekha kudzala. Koma nthawi yonse imene ndili pasukulu, inu muzibaya."



"Chabwino, mimba yangayi ndakubwereka," anatero bambowo. "Koma tsiku limene udzasiye sukulu, nane ndidzasiya."

M'mawa mwake Nereida anawabaya jakisoni woyamba pamimba, iwo atatsinzina mwamphamvu ngati munthu amene akutsanzikana ndi kuwala.

Benchi la kumsika linatsala m'manja mwa Nereida, ndipo anayamba kuchita zinthu zothamangitsa makasitomala. Tronadora ankagulitsabe, koma womugula aliyense ankayamba wamufunsa.

"Amayi, kuchipatala mukupita liti?"

"Lachinayi, mwanawe. Undimangire wamphamvu, dokotala wangayo ngolongolola."

"Ndikumangirani, koma mukamuuze kuti mukumwa. Ndiponso mupite mmene mumakhalira masiku onse, osati kusala lero ndi mawa kuti mukamukondweretse."

"Kodi ndabwera kudzagula masamba kapena kudzalapa machimo?"

Mayi Chayo, a benchi loyandikana nalo, ankangotambasula dzanja.

"Bwerani kuno amayi, kuno kulibe wansembe. Asisi athuwa akhala dokotala asanakhoze n'komwe mayeso."

Dzina linabadwa pomwepo. Msika wonse unayamba kumutcha Dokotala Wolephera, ndipo ngakhale onyamula katundu ankamupatsa moni ndi dzina lomwelo. Zinkamupweteka, palibe chifukwa chobisira. Masiku ena ankabwerera kunyumba ndi ndalama yongokwanira nyemba ndi timikate ta chimanga totchedwa tortilla. Koma poti makasitomala anachepa, nthawi yowerenga inachuluka. Ankatsamiritsa buku pathumba la masamba n'kumalimbana ndi masamu amene anamugwetsa kawiri.

Ulendo wachitatu anakhoza. Anakhoza mokwawa, koma anakhoza.

Kuyunivesite anakapeza ana ongomaliza kumene sekondale. Ankamutcha azakhali, ndipo ena ankasuntha mpando ponena kuti akununkha mankhwala a chimfine. Iye ankadzuka mbandakucha kukalandira masamba kwa amayi otsika nawo kumapiri, kuwayala pabenchi, kusiyira msuweni wake, kenako kuthamangira m'kalasi. Madzulo aliwonse ankawavula bambo ake sokosi n'kuliyendera phazi lija, pansi pake ndi pakati pa zala, poti phazi la dzanzi silinena likalasidwa.

Chaka choyamba chitatha, zotsatira zinatuluka. Kemisitili anali atamugwetsa, ndipo anauzidwa kuti abwereze.

Anafika kunyumba masana n'kuponya chikwama pakona.

"Ababa, ndayesetsa. Mutu wangawu si wa zimenezi. Ndibwerere kumsika."

A Eleuterio anatenga ndodo zawo, kudumphira kufiriji, n'kutulutsa kabotolo ka insulini. Anakaika patebulo pamaso pake.

"Ndiye aka ukabweze kuchipatala mawa, kakathandize ena."

Anakhala pansi, kuvula sokosi, n'kusanjika phazi pampando.

"Ndipo uliyang'anitsitse phazili, uzidzalikumbukira."

Tsiku limenelo Nereida anadana nawo bambo ake. Anaona kuti ndi munthu wouma mtima, woti angalole kuwola kuti angopambana mkangano. Analira mokwiya, kutukwanira mumtima, kenako anatola kabotolo kaja n'kukabwezera mufiriji. Sukulu itatsegulira, anali m'kalasi momwe muja, pampando womwe uja, ndi ana ena atsopano omutcha azakhali.

Sindinama kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda myaa. Chaka china kamwala kanalowa m'nsapato ya a Eleuterio, iwo n'kuyenda nako tsiku lonse osamva kanthu. Pofika madzulo pansi pa chala chachikulu panali kachilonda. Nereida atakaona, anakumbukira kuti mwendo wakumanzere unayambanso choncho. Anapita nawo kwa Dokotala Ibarra tsiku lomwelo. Ulendo uno sanawiritse tiyi aliyense ndipo sanabise kanthu. Dokotalayo anali atayamba kuyeza magazi mwa njira ina imene imaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi ingapo yapitayo, moti kusala kwa dzulo ndi dzana sikungaipusitse. Anapeza kuti shuga wa a Eleuterio wakhala ali m'malo mwake. Chilondacho chinavuta, chinatenga nthawi, koma chinapola.

Atafika chaka chochita kafukufuku wakewake, Nereida anapita kwa Pulofesa Urbina, bambo wosaseka wamba amene ankayang'anira za mankhwala a zomera.

"Ndikufuna kutsimikiza kuti tronadora amachiza shuga," anatero Nereida.

"Ngati yankho mukulidziwa kale, mwadzatani kuno?" anafunsa pulofesayo. "Pano timafunsa. Tsambalo likakuyankhani zimene simukufuna, mudzalemba zomwezo?"

"Ndidzalemba."

"Tidzaona."

Mumtima mwake Nereida ankafunitsitsa tsambalo litapambana. Linali tsamba la bambo ake, limene linamulera ndi kumuveka.

Ntchito yake inali yotopetsa. Ankayanika masamba pamthunzi, kuwasinja, kuwanyika, kusefa, kenako kuphwetsa madziwo mpaka pansi pa botolo patatsala kaphala kakuda bii. Kaphalako ankakayeza pasikelo n'kumwetsa makoswe oyera amene anali ndi shuga. Ulendo woyamba shuga wa makoswewo anatsika, ndipo Nereida anatsala pang'ono kuvina. Pulofesa Urbina anangoyang'ana n'kunena kuti, "Bwerezani." Atabwereza, sipanaoneke kusintha kulikonse. Ulendo wachitatu anatsika pang'ono chabe.

"Bwerezani."

Mawu amenewa anawamva mpaka kumawalota. Kenako kunabwera mvumbi wathu uja wosadziwa kukata, masamba onse amene anasonkhanitsa n'kuchita nkhungu. Ntchito ya miyezi yambiri inathera kudzala. Anzake amene anayamba nawo anamaliza, kujambulitsa zithunzi atavala mikanjo, n'kupita. Iye anakweranso mapiri kukathyola masamba ena, ulendo uno akusiyanitsa a phiri ili ndi a phiri ilo, a m'dzinja ndi a m'chilimwe.

Pang'onopang'ono chithunzi chinayamba kuoneka. M'tsambamo munalidi kanthu. M'makoswe akewo, kaphala kaja kankachepetsako kukwera kwa shuga akangotha kudya. Koma mphamvu yake inkasintha malinga ndi kumene tsamba lamera ndi nyengo imene lathyoledwa, moti mitolo iwiri yofanana m'maso sinkagwira ntchito mofanana. Ndipo ngakhale kaphala kamphamvu kuposa tonse sikanayandikire n'komwe zimene insulini ankachita. Pa anthu n'kuti asanayese n'komwe.

Analemba zomwezo. Pulofesa Urbina anawerenga mpaka kumapeto, kuvula magalasi, n'kunena kuti, "Apa ndiye mwagwira ntchito. Mukafuna kupitiriza, malo alipo." Nereida anakhoza, ndipo anakhoza bwino.

Koma chimwemwe chinamukanika. Sukulu inali itatha, ndiye kuti pangano lija nalo latha. Tsopano anayenera kukawauza bambo ake kuti tsamba limene analikhulupirira moyo wawo wonse silingawasungire mwendo. Ankawadziwa kuuma khosi kwawo. Akanatha kunena kuti, "Nawenso akudyetsa zawo zija," n'kutulutsanso kabotolo mufiriji.

Mayi Chayo, amene zaka zinali zitawafewetsa, anamupeza atagwira tsaya kuseri kwa benchi.

"Adokotala, mwakhoza koma nkhope ngati mwaferedwa, bwanji?"

Nereida anawafotokozera.

"Aa, zochepa zimenezo," anatero mayi Chayo. "Ukawauze kuti kafukufuku sanathe. Chaka chino sanathe, chaka chamawa sanathe, mpaka mdalayo adzapite kumanda ndi mwendo wake. Bodza lopulumutsa munthu ngakhale wansembe amalikhululukira asanalimve."

Nereida anaganiza zimenezi masiku angapo, ndipo zinkamveka zanzeru. Koma nthawi iliyonse akakonza mawu oti akanene, ankaona jumbo ija m'manja mwa namwino. Tiyi wa kwa dokotala nayenso linali bodza lachikondi. Ankamuwiritsa pofuna kuti bambo ake asakakalipiridwe, ndipo anaona kumene chikondi chotero chinawafikitsa.

Lamlungu masana anawapeza pakhonde akusoka thumba la masamba limene linang'ambika. Anakhala pansi pafupi ndi phazi lawo.

"Ababa, ndamaliza. Ndabwera ndi yankho lanu."

"Nena."

"M'tsambamo muli kanthu, ndipo n'koyenera kukafufuzabe. Mwina tsiku lina kadzakhala mankhwala oyezedwa bwino. Koma lero, palokha, tronadora sangalowe m'malo mwa jakisoni. Mukasiya kubaya, mwendo uwu upita. Ndinalonjeza kuti ndidzataya majakisoni, koma sinditaya. Ndilibenso chokugwirirani, sukulu yatha. Ndangotsala ndi kukupemphani."

Ulusi unali utawathera. Anadula wina ndi mano, kuunyowetsa ndi malovu, kukweza singano kumene kunali kuwala, n'kuulowetsa kamodzi kokha.

"Waona chimene ndachitachi?" anafunsa.

"Ndaona."

"Zaka zonsezi ndikubaya, ulusi ndikulowetsa ndekha. Umandiyesa chitsiru eti? Chaka choyamba chisanathe ndinali nditadziwa kale kuti jakisoniyu sachititsa khungu. Ludzu lija linatha. Kutopa kuja kunatha. Thupi ndi langa, ndinkamva."

Nereida anawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Nanga tsiku lija munatulutsa kabotolo mufiriji?"

"Ndikanapanda kutero ukanabwerera kusukulu?"



"Iwe unkayesa wandimanga ine," anapitiriza bambowo. "Nane ndinakumanga. Ndalama yoti ndikupatse ndinalibe. Nzeru za m'mabuku ndinalibe. Ndinali ndi mwendo umodzi basi, ndiye ndinaupinyolitsa. Tsiku lija unandida, ndinaona m'maso mwako. Ndinati andide, bola abwerere."

Nereida anatsamiritsa mutu pabondo lawo n'kulira ngati tsiku lija m'khonde la chipatala. Iwo anamusisita m'mutu mpaka anatonthola.

"Koma wati m'tsambamo muli kanthu?" anafunsa kenako.

"Kalimo, Ababa."

"Paja ndinanena ine. Ukamuuze dokotala wako."

Anaseka onse awiri, misozi isanaume.

"Tsopano kanditengere jumbo ija pamwamba pa kabati."

Mwendo wapulasitiki anali atalandira kalekale, ndipo ankayenda nawo kumsika ndi kutchalitchi. Koma kupaki anali asanapondeko chiwadulireni, ndipo nsapato zoyera zija zinali zisanatuluke m'jumbo. Tsiku limenelo anazipukuta okha. Yakumanzere anaiveka phazi lapulasitiki. Yakumanja Nereida anayamba waigwedeza ndi kupisamo dzanja kuti muli kamwala kapena ayi, kenako n'kuwaveka.

Atafika kupaki, gulu loimba linali litayamba kale. Akuluakulu amati katswiri wa danzón safuna bwalo, amavinira panjerwa imodzi. A Eleuterio anapereka ndodo yawo kwa mayi Chayo, kugwira mwana wawo m'chiuno, n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono, mutu uli chilili. Sanachoke pamene anaima. Anthu amene ankawadziwa kale anasiya kuvina n'kumangoyang'ana, ndipo azibambo ena anavula zipewa.

Lero Nereida akufufuzabe tronadora ndi masamba ena, ndipo akuti ulendo ukadali wautali. Loweruka mumamupeza pabenchi lomwe lija, ali ndi kamakina koyezera shuga pambali pa mitolo. Amagulitsa tsamba, n'kumuuza wogulayo zimene likudziwika kuti limachita ndi zimene silingachite. Ena amathawabe. Ambiri amabweranso. Dzina lija lilipobe, kungoti mawu achiwiri aja anagwa okha panjira.

Ndiye inu amene mwatsala pang'ono kuponya chikwama pakona, ganizani kawiri. Mwalephera? Lembaninso. Akuuzani kuti mubwereze? Bwerezani, ngakhale mukhale m'kalasi ndi ana okutchani azakhali. Ngati mukudwala, pitani kwa dokotala mmene mulili, mukamuuze zonse zimene mukumwa, chifukwa nambala yokongola sinasungirepo munthu mwendo. Ndipo choonadi chikakhala chowawa ngati tronadora, chinenenibe.

Osataya mtima. Mwina pali wina kwanuko amene sanakuuzeni, koma anapinyolitsa mwendo wake wotsala kuti inu mufike.